ANambewe Anakana Kunamizira Wakufa

Chaka chatha, mwezi ngati uno, tinaika aNambewe kumanda a kwawo ku Pembamoyo, ndipo pamaliro pomwepo anthu anagawanika pawiri. Ena ankati tataya mayi wolimba mtima. Ena ankanong'onezana kuseri kwa nkhokwe kuti nkhalambayo inali ndi pakamwa, tsopano ofesi yathu ipumako. Onsewo ankanena zoona. Ine ndinagwira nawo ntchito m'chipinda chimodzi pa boma la Chadiza pano, ndipo ndikukana kuti anthu azingokumbukira pakamwa pawo osadziwa chimene pakamwapo pankamenyera.

Ntchito yathu ndi yaing'ono. Timasamalira pulogalamu ya pa kompyuta imene imatumiza uthenga pa foni kwa amayi a ana aang'ono, kuwakumbutsa tsiku la sikelo. Kachipatala kalikonse ka kumudzi kali ndi tsiku lake, chifukwa anamwino ndi ochepa ndipo amachita kuzungulira. Uthenga ukalakwika, mayi amabereka mwana, n'kuyenda mtunda wonsewo, n'kukapeza chitseko chotseka. Bungwe lotilemba ntchito lili ku Chipata, ndipo pa nthawi imene ndikukambayi ankatiyang'anira ndi aSakala, amene ankabwera pa minibasi kamodzikamodzi.

ANambewe sanali odzichepetsa, ndipo sindiwanamizira khalidwe limenelo poti anamwalira. Anagwira ntchito ya makompyuta ku Lusaka kuyambira masiku amene kompyuta imodzi inkadzaza chipinda, ndipo ankafuna kuti aliyense adziwe zimenezo. Atapuma pa ntchito anabwerera kwawo kuti azilima mtedza. Analima nyengo imodzi yokha, anakangana ndi mlongo wawo pa za malire a munda, anakangananso ndi amayi a chigwirizano pa za nyimbo, kenaka tsiku lina anangotulukira pa ofesi yathu atanyamula laputopu m'kachikwama kopitira kutchalitchi. Anati amva kuti kuno kuli ana amene akuseweretsa makina, ndiye abwera kudzaona, ndipo posakhalitsa bungwe linawalemba ntchito.

Chimene ankachikonda koposa ndi mbiri ya pulogalamuyo. Kwa amene sadziwa ntchitoyi, pulogalamu ndi mizere yambirimbiri ya malangizo imene kompyuta imatsatira. Munthu akasintha mzere uliwonse n'kusunga, makina amalemba tsiku, dzina la wosinthayo, mizere imene wakhudza, ndi mawu ochepa onena chifukwa chake. Zosinthazo zimandandalikana kuyambira tsiku loyamba, moti ukafuna ukhoza kubwerera mmbuyo n'kuona pulogalamuyo mmene inalili mwezi uliwonse. Ife achinyamata tinkasunga zosintha zathu mothamanga, n'kulembapo mawu amodzi oti “ndakonza”. ANambewe ankatibwezera.

“Wakonza chiyani, Misozi? Njinga?” ankandifunsa choncho, magalasi ali pamphuno. “Lemba chimene chinali cholakwika. Amene adzawerenga izi mawa sadzakhala nawe pafupi kuti akufunse.”

Ankawerenga zosintha za anthu mokweza mawu, mzere ndi mzere, ngati mkulu wa mpingo akuwerenga zolengeza. Ukalemba zopusa unkazimva ndi makutu ako, ndipo anzako ankazimvanso. Pilirani, mnzathu wina wa mu ofesi, anafika poti akamva aNambewe akukonza kukhosi ankatuluka kukagula zitumbuwa. Ankadana ndi munthu wosintha zinthu zambiri n'kusunga kamodzi. Ankati amene amatero ali ngati mayi wothira mchere, soda ndi tsabola nthawi imodzi, ndiwo zikaipa sadziwa chimene chaipitsa.

Khalidwe lina limene tinkawaseka nalo linali la simukhadi. Pakona pawo panali kachipangizo kamene kamatumiza mauthenga aja, ndipo asanayese pulogalamu iliyonse yakale ankazula simukhadi m'kachipangizomo, n'kuimanga pa nsonga ya chitenje chawo. Pilirani anawauza kuti pali njira yozimitsira mauthenga pa kompyuta pomwepo, palibe chifukwa chovutikira. Iwo anamuyankha kuti njirayo anailemba ndi munthu, ndipo munthu amalakwitsa, koma simukhadi imene ili pa chitenje chawo sinatumizepo uthenga kwa aliyense. Sankayesanso kanthu pa pulogalamu imene ikugwira ntchito. Ankatenga kope, n'kukaliyesera pambali, pamene likaphulika palibe mayi aliyense amene angavutike.

Munthu yekhayo amene ankamulekerera kuwayankha anali Yohane. Iyeyo ndiye analemba mbali yaikulu ya pulogalamuyo aNambewe asanabwere, ndipo awiriwa ankakangana tsiku lililonse ngati munthu ndi msuweni wake. Yohane ankawatchula agogo a makina. Iwo ankamutchula wothamanga, ndipo ankamukumbutsa kuti kuthamanga si kufika. Koma Yohane akatuluka, ankatiuza ife kuti mnyamata ameneyo mutu wake umagwira, tisamuuze chifukwa angatupe.

Yohane anadwala mvula itangoyamba, ndipo sanachedwe. Anasiya mkazi wake Malita, amene amagulitsa tomato ndi anyezi pamsika wa pa boma. Tinapita tonse kumaliro ku Mlolo, kwawo kwa malemuyo, ndipo ndinaona aNambewe akulira mosabisa, pakati pa amayi, ngati amene wamwalirayo ndi wobadwa m'mimba mwawo.

Titabwerako ntchito inali itaunjikana. Laputopu ya Yohane ndiyo inali yabwino mu ofesi monse, batire lake linkapirira magetsi akazima, ndiye tinkalandizana. Kwathu kuno munthu akamwalira dzinja, anansi amakamulimira munda wake kuti usagonere, ndipo ifenso tinkaona ngati tikumulimira Yohane. Aliyense amene wapeza mpata ankakhala pa laputopuyo n'kumalizako zimene malemu anasiya. Dzina la Yohane linali lokhazikika m'makinamo, moti chilichonse chimene tasunga chinkalembedwa kuti wasintha ndi iye. Tonse tinkaliona dzinalo. Koma abale ake anali asanamete n'komwe maliro, misozi ya Malita isanaume, ndiye ndani akanalimba mtima kufufuta dzina la munthu ngati akumuthamangitsa? Tinalisiya chifukwa cha ulemu.

Mwezi wotsatira ndi pamene zinaphulika. Amayi a ku Mlolo ndi midzi ina analandira uthenga wowauza tsiku la sikelo ya pa boma m'malo mwa tsiku la kwawo. Anayenda m'matope, ana kumbuyo, ena kuoloka mitsinje yodzaza, n'kukapeza kachipatala kali kotseka. Anamwino anatiimbira foni atakwiya, ndipo anali ndi chifukwa chokwiyira. Tinaimitsa mauthenga onse tsiku lomwelo.

ASakala anafika mmawa mwake. Anatsegula mbali ya pulogalamu imene imasankha masiku, ndipo pafupifupi mzere uliwonse unali ndi dzina la Yohane pambali pake, poti ndiye anailemba kalekale. Sanafufuzenso. Anati nkhani yadziwika, malemu analakwitsa ali kudwala, mutu sunkagwira bwino, ndipo akauza akuluakulu ku Chipata zomwezo. Anatinso mbiri yonseyo yasokonekera, bola tiifufute, titenge pulogalamu yakale imene anasunga iwo, tiyambe mwatsopano ngati palibe chachitika. Analankhula mofatsa, ngati munthu wotichitira chifundo. Anati palibe amene achotsedwe ntchito, ndipo Yohane sangamve kuwawa kulikonse.

Nkhani za pa boma sizigona mu ofesi. Dzuwa lisanapendeke, pamsika anthu anali atayamba kale kunena kuti mwamuna wa Malita ndiye anayendetsa amayi pachabe. Mayi wina wa ku Mlolo anakaima pa benchi yake n'kumuuza maso ndi maso kuti mwamuna wake wasiya tsoka, ndipo ena anaonjezerapo kuti mwina anachita dala podziwa kuti akupita. Malita anafika pa ofesi yathu atavala zakuda, osalowa, anangoima pakhomo. Anafunsa aNambewe funso limodzi lokha.

“Amayi, n'zoona kuti ndi abambo a kunyumba anachita zimenezi?”

“Sindikudziwa, mwana wanga,” anayankha aNambewe. “Ndipo amene akunena kuti akudziwa akunama. Pita ukagulitse tomato wako. Ndikadziwa ndibwera ndekha kudzakuuza, kaya zikhale zokoma kaya zowawa.”

Malita atachoka, anatembenukira kwa aSakala, ndipo mawu amene analankhula ndimawamvabe.

“ASakala, inu mwasankha Yohane chifukwa ali m'manda. Akanakhala pampando apo simukanayerekeza. Mbiri iyi simuifufuta ine ndili moyo. Mukafuna kuifufuta, yambani mwandichotsa ntchito, ndipo ndikanena ku Chipata chifukwa chimene mwandichotsera.”

“Amayi, zosinthazo n'zambirimbiri,” anatero aSakala. “Muziwerenga mpaka liti? Amayi akudikira mauthenga, ife tizikhala tikukumba za munthu wakufa?”

“Ndani wakuuzani kuti ndiwerenga zonse? Khalani pansi muone. Minibasi yanu ikupezani.”

ANambewe anazula simukhadi ija n'kuimanga pa chitenje. Anatenga kope la mbiri yonse n'kuliika pa laputopu yawo, kuti netiweki ikathawa ntchito isaime, ndiponso kuti chilichonse chimene achite chisakhudze pulogalamu yeniyeni. Kenaka anapeka mayi mmodzi wa ku Mlolo, wosakhalako, wa nambala yabodza, n'kukonza kamayeso kofunsa pulogalamuyo funso limodzi: mayi ameneyu apite kusikelo tsiku liti? Anayesa pulogalamu ya miyezi ya chilimwe, ndipo inayankha tsiku loyenera. Anayesa ya tsiku limenelo, inayankha tsiku la pa boma. Anati cholakwikacho chili pakati pa ziwirizi, palibe kwina kumene chingabisale.

Sanayambire kumayambiriro n'kumatsika mmodzimmodzi. Analumphira pakati penipeni pa mndandanda wa zosinthazo n'kuyesa pamenepo. Yankho litakhala labwino, anati zonse za mmbuyo mwa apa zilibe mlandu, tizisiye. Analumphiranso pakati pa zotsalazo. Ulendo uliwonse theka la zosintha linkamasuka, ndipo mulu umene aSakala ankauopa unkanka nuchepa tikuona. Magetsi anazima pakatikati, iwo osatekeseka. Pilirani anafuna kuthandiza poloza kusintha kwina kumene ankakukayikira, koma anamubweza dzanja. Anati kukayikira n'kumene kwatifikitsa pano, iwo akufuna chimene mayeso anene.

Tiyi amene ndinawapangira anali asanazizire kwenikweni pamene panatsala kusintha kumodzi. Kunali kusintha kwakung'ono, kwa munthu wofuna kuyeretsa mizere imene inkaoneka ngati yobwerezabwereza. Anachotsa mzere umene unkauza pulogalamu kuti iyang'ane kachipatala ka kwawo kwa mayi, ndipo pulogalamuyo posowa kolowera inkangotenga tsiku la pa boma. Pambali pake panali dzina la Yohane. ASakala anadzuka pampando akumwetulira, n'kunena kuti si zomwe ananena zija.

“Werengani tsiku,” anatero aNambewe.

ASakala anawerama n'kuwerenga. Linali tsiku la mlungu wotsatira maliro.

“Tsiku limenelo Yohane anali atagona kale ku Mlolo, ndipo inu munathirapo dothi ndi dzanja lanu,” anatero aNambewe. “Kapena mukufuna mukauze a ku Chipata kuti anadzuka kudzalemba?”

Tonse tinadziwa chimene chinachitika. Mlungu umenewo laputopuyo inadutsa m'manja mwa Pilirani, mwanga, mwa aNambewe, ngakhalenso mwa aSakala, amene anabwera kudzathandiza masiku a chisoniwo. Mbiriyo inkanena tsiku ndi mzere, koma sikanatha kunena dzanja, poti tonse tinkalemba titavala dzina la malemu. ASakala anayamba kufunsa kuti ndani anakhala pa makinawo tsiku limenelo masana. ANambewe anawadula. Anati mmawa womwewo aSakalawo ankafuna kukwirira nkhani pa munthu wakufa, tsopano asayambe kusaka wamoyo woti amupachike. Anati dzinalo tinalisiya tonse, iwonso analiona n'kulisiya, ndiye a ku Chipata akauzidwe kuti ofesi ya Chadiza inalakwitsa, Yohane atamwalira kale.

Anabwezera mzere uja, osafufuta cholakwikacho. Anasunga kukonzako ngati kusintha kwatsopano, m'dzina lawo, n'kulembapo momveka chimene chinachitika. Anayesanso mayi wopeka uja, anayesa wa ku Pembamoyo, anayesa wa pa boma, ndipo onse atalandira masiku awo ndi pamene anamasula simukhadi. Kenaka anatenga ambulera yawo n'kunyamuka kupita kumsika.

Ndinawatsatira, chifukwa ndinkawadziwa. Sanamuitanire Malita pambali. Anaima pakati pa mabenchi a tomato n'kulankhula ndi mawu amene ankawerengera zosintha zathu aja, oti ngakhale ogulitsa nsomba kumapeto amve.

“Malita! Mwamuna wako alibe mlandu. Cholakwika chija chinachitika iye ali kale m'manda, ndipo tinachichita ndife a mu ofesi. Amene ali ndi mawu abwere kwa ine, nyumba yanga mukuidziwa.”

Malita anakhala pansi pa thumba la anyezi n'kuphimba nkhope ndi chitenje. Loweruka lake aNambewe anakwera njinga ya kabaza mpaka ku Mlolo, pa msinkhu wawowo, n'kukanena mawu omwewo kwa amayi amene anayenda pachabe aja, n'kuwapepesa. Ena anawatukwana, ndipo iwo anaima n'kumvetsera mpaka otukwanawo atatopa. Atabwerako anangoti amayiwo anali ndi ufulu wotukwana, koma azitukwana oyenera.

ASakala sanawakhululukire aNambewe. Kuchokera pamenepo kumisonkhano ya ku Chipata kunkaitanidwa ena, ndipo laputopu zatsopano zitabwera aNambewe anapatsidwa chomalizira. Iwo ankaseka, ankati bola, pa minibasi pamawapweteka msana. Musaganize kuti nkhaniyi inawafewetsa. Anapitiriza kukangana ndi makondakitala, kutibwezera ntchito, ndi kuuza abusa kuti ulaliki wawo unatalika. Tsiku lina anandiliza chifukwa cha mzere umodzi, ndipo sanapepese. Anangondibweretsera chiponde cha mtedza wa kumunda kwawo mmawa mwake, n'kuchiika pa tebulo langa.

Matenda atawagwira anapitirizabe kubwera, akuyenda pang'onopang'ono, mpaka miyendo inakana. Ndinakawaona ku Pembamoyo ali gone pa mphasa pakhonde, atawonda, koma pakamwa pali pomwepo. Anandifunsa za ntchito, anandidzudzula pa zina, kenaka anandigwira dzanja.

“Misozi, ukadzangomva kuti ndapita, usathamangire kuno kudzalira. Yamba wapita ku ofesi ukachotse dzina langa pa makina anga. Tsiku lomwelo, wamva? Asadzakunamize za ulemu.”

Uthenga wa maliro unandipeza mmawa ndikusesa pakhomo. Ndinapita ku ofesi, ndinatsegula laputopu yawo, ndinachotsa dzina lawo pamene makina amatengera dzina la wolemba. Pilirani anandiona ndipo anati ndilibe mtima, thupi lisanazizire n'komwe. Kumaliro nkhaniyo inafika ine ndisanafike, ndipo mlongo wawo sanandipatse moni. Sindinadzikanire kwa aliyense. Zonse zimene aNambewe analemba ali moyo zikadali m'mbirimo ndi dzina lawo, ndipo dzinalo limathera pa kusintha kwawo komaliza, kumene anakuchita ndi manja awo.

Pakona pawo tsopano palibe kanthu. Tebulo analitengera kuchipatala, mpando unathyoka mwendo ndipo uli panja. Pakhoma patsala chidindo chakuda pamene ankatsamira mutu, ndipo pansi simenti inakumbika pamene miyendo ya mpando inkakhukhuza. Dzuwa la masana limalowa pa zenera n'kugwera pansi pomwepo. Mu ofesi muli bata limene ena aja ankalifuna, ndipo ine limandinyansa.

Mwezi wathawu kunabwera bwana watsopano, wolowa m'malo mwa aSakala. Anaima pakona pomwepo n'kupima ndi mapazi, akuti pakwana kabati. Kenaka anati tisamukira ku makina ena, ndipo mbiri yakaleyo ndi katundu wolemera, tiisiye. Anaonjezera, akuseka, kuti wamva kuti zovuta zambiri za pulogalamuyi anasiya ndi mayi wachikulire uja.

Ndinamuuza kuti kabatiyo aike, pakonapo ndi pa bungwe. Koma mbiriyo isamuka nafe yonse, ndipo ngati ali ndi mlandu ndi aNambewe atchule mzere wake ndi tsiku lake, tiyese pompano iye akuona. Anandiyang'ana, anayang'ana Pilirani, ndipo Pilirani anali atayamba kale kutsegula mbiriyo. Bwanayo sanatchule mzere uliwonse.